Magaziwa anatengedwa nthawi yanji?

Ine ndine wa famasi, ndikuchita maphunziro a m'wodi ku Joni. Sabata yanga yachiwiri mu ICU, wodi ya odwala mwakayakaya, zotsatira za ku labu zinatuluka zikusonyeza kuti mankhwala opha tizilombo a vancomycin m'magazi mwa bambo wina afika pa 38. Mtima wanga unadumpha. Mankhwala amenewa akachuluka m'thupi amawononga impso, ndipo magazi akatengedwa pa nthawi yake, mlingo wotsatira usanalowe, nambalayo siyenera kudutsa 20. Ndinathamangira kwa mayi amene ankandiyang'anira pa maphunzirowa, pepala lili m'manja. Ndisaname, pansi pamtima ndinkasangalala kuti lero ndagwira kanthu, aona kuti mtsikana wa ku Malawiyu sanabwere ku Joni kudzaonerera nyumba zosanja. Ndinawauza kuti tiwapemphe adokotala aimitse mankhwalawo.

Pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. Anangofunsa kuti, "Magaziwa anatengedwa nthawi yanji?"

Ine zii.

"Nanga diripi anaipachika nthawi yanji? Mkono uti?"

Ndinabwerera pabedi la wodwalayo manyazi atandigwira. Pa tchati cha anamwino panalembedwa kuti diripi ya vancomycin inayamba 6 koloko m'mawa. Pa fomu ya ku labu panalembedwa 6:40. Magazi anatengedwa mankhwala akali kulowa, ndiponso pamkono womwewo pamene panali diripi. Ndiye kuti 38 ija sinkanena chilichonse za thupi la bambowo, inkangonena zimene zinali mumtsempha umodzi pa mphindi imeneyo. Akanandimvera, munthu amene anali ndi MRSA, kachilombo kosamva maantibayotiki ambiri, m'magazi akanaswera tsiku lathunthu wopanda mankhwala chifukwa cha ine. Madzulo tinatenganso magazi kutatsala mphindi 30 kuti mlingo wina uperekedwe, n'kupeza 14.

Ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa anzanga ambiri a famasi kumudzi amandifunsa pa WhatsApp za maphunziro a m'wodi amene ndikuchita kuno, ndipo funso lawo limakhala la fizi ndi mapepala basi. Zimenezo ndifotokoza. Koma chimene chinandivuta zenizeni sichinali fizi ayi.

Ine digiri yanga ya famasi ndinaitenga ku College of Medicine ku Blantyre, isanasanduke mbali ya yunivesite ya KUHeS mu 2021. Kenako ndinagwira zaka 4 pachipatala china cha boma. Amene munagwirapo kumeneko mukudziwa moyo wake: kuitanitsa katundu ku Central Medical Stores, kudzaza masitoko khadi, malipoti a pamwezi, kenako pawindo mpaka 4 koloko, kupereka LA, amoxicillin, panado, n'kumabwereza mawu omwewo, awiri m'mawa awiri masana awiri madzulo. Wodwala ndinkamuona kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, kwa mphindi imodzi. M'wodi ndinkalowamo kukawerenga mankhwala otsala m'kabati kapena kukaona wachibale. Palibe tsiku limene ndinatsegula fayilo ya wodwala n'kufunsa kuti impso zake zikugwira ntchito bwanji tisanamupatse gentamicin. Si kuti sindinkadziwa kuti gentamicin amavulaza impso, zimenezo ndinakhoza pa mayeso. Kungoti panalibe amene ankayembekezera funso limenelo kuchokera kwa ine, ndipo inenso ndinazolowera.

Tisanapite patali, tikonze kaye dzina. Ambiri mumandilembera kuti mukufuna residency, chifukwa mwawerenga za ku America. Kumeneko munthu akamaliza digiri ya famasi ya PharmD amalowa chaka choyamba chimene amati PGY1, chozungulira mawodi osiyanasiyana, ndipo wofuna ukatswiri wa mbali imodzi, monga khansa kapena odwala mwakayakaya, amawonjezera PGY2. Bungwe la ASHP ndi limene limavomereza mapulogalamuwa, ndipo wophunzirayo amalandira malipiro. Mlendo wofuna kulowamo amafunikanso laisensi ya kumeneko, kudzera m'mayeso a FPGEE ndi NAPLEX. Kuno ku South Africa njira yake ndi ina. Mwana wa kuno amachita digiri ya BPharm zaka 4, internship chaka chimodzi, community service chaka china, ndipo wofuna ntchito ya m'wodi amalowa digiri ya masters imene ili ndi makalasi, kuzungulira m'mawodi komanso kafukufuku. Sukulu ya Sefako Makgatho ku Ga-Rankuwa, imene akuluakulu amaidziwa ndi dzina lakale la Medunsa, ndi yotchuka pa maphunziro amenewa. Muno mu Johannesburg zipatala zophunzitsirako ndi monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph, Rahima Moosa ya amayi ndi ana, ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto imene ili ndi mabedi oposa 3,000. Chimene ine ndili sindichitchula, chifukwa nkhani zina ndifotokozezi zikukhudza odwala ndi anzanga a ntchito. Koma mfundo yoti muigwiritsitse ndi iyi: ine sindilandira malipiro. Ndimadzuka 4:30, ndimagwira ntchito ngati wina aliyense, koma pakutha pa mwezi chimene chimalowa ndi kandalama ka sikolashipu basi. Amene akuganiza kuti abwera n'kumadzilipirira ndi malipiro a pachipatala, awerengerenso.

Mapepala tsopano. Digiri yanu iyenera kuyamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe la kuno lounika mapepala a maphunziro. Mufunikanso kalata yochokera ku unduna wa zaumoyo wa kuno, ku ofesi yoona za ogwira ntchito zachipatala ochokera kunja, imene amati Foreign Workforce Management. Dziwani kuti dziko lino lili ndi mfundo yosalemba ntchito anthu azaumoyo ochokera m'maiko osauka, makamaka a SADC, poopa kukokolola antchito a anzawo, choncho kalata ya maphunziro musaiyese khomo la ntchito. Ku PMRA, bungwe loyang'anira a famasi kwathu, mutengeko kalata yosonyeza kuti mulibe mlandu pa ntchito yanu. Zonsezi zimapita ku South African Pharmacy Council ku Pretoria, ndipo popanda kulembetsedwa kumeneko simungagwire mankhwala a wodwala. Khonsoloyi ili ndi mayeso ake a anthu ophunzira kunja, ndipo gawo limene linandituluitsa thukuta ndi la malamulo: Pharmacy Act 53 ya 1974 ndi Medicines and Related Substances Act 101 ya 1965. Pharmacology ndi yomweyo kulikonse, koma zoti mankhwala akuti ali mu Schedule 4 kapena 5, morphine ali mu 6 ndipo kaundula wake amasungidwa motani, zimenezo ndi zoloweza mwatsopano ngati mwana wa Fomu 1.

Pali kanthu kamodzi kotikomera. Mu 1997 atsogoleri a SADC anasainirana ku Blantyre komweko pangano la zamaphunziro, loti wophunzira wochokera m'chigawochi azilipira ngati mwana wa dziko limene akuphunziralo. Ndiye fizi yathu si ya azungu ochokera kutali, ngakhale pamakhala kandalama kena kowonjezera ka alendo. Mukalandira invoisi yang'anani bwino kuti akuikani m'gulu liti.

Cholakwa changa chachikulu chinali pa viza, ndipo safunsa anadya phula. Mmalawi amaloledwa kulowa muno masiku 30 popanda viza. Kalata ya sukulu itachedwa pang'ono, ndinangokwera basi n'kubwera, poganiza kuti ndidzasintha ndili konkuno. Lamulo silola mlendo wongocheza kusintha kukhala wa sukulu ali m'dziko muno. Ndinakwereranso basi pa Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka kutulukira pa Dedza, masiku awiri matako atauma, kukapereka mapepala ku Lilongwe. Ndinataya milungu 5 ndi ndalama zimene zikanandilipirira lendi miyezi iwiri. Viza ya sukulu imafuna kalata ya apolisi, umboni wa ndalama, komanso medical aid yolembetsedwa muno, osati ya kwathu. Imalola ganyu wa maola 20 pa sabata, koma ndikuuzeni zoona, mukayamba kuzungulira m'mawodi maola amenewo simudzawapeza.

Tsiku langa limayamba ndi tekisi, ndiye minibasi ya kuno. Umaima m'mbali mwa msewu chala chimodzi chitaloza kumwamba, kutanthauza kuti ukupita m'tauni. Mulibe kondakitala, ndalama zimayenda pamanja kuchokera kumbuyo, ndipo wokhala kutsogolo ndiye amawerenga chenji. Ndinakhalapo kutsogolo kamodzi m'mwezi wa June, zala zitauma ndi chisanu, anthu akundilankhula Chizulu, masamu atandithawa. Munthu wowerengera milingo ya mankhwala kulephera chenji cha anthu 15! Chiyambire tsiku limenelo ndimakhala mzere wachitatu.

Ndimafika m'wodi 6:30, madokotala asanayambe raundi. Wodwala aliyense amene ndapatsidwa ndimamuyang'ana zinthu zomwezomwezo: zaka, kulemera kwake, creatinine wa lero ndi wa dzulo (nambala imene imakwera impso zikafooka), potassium, zotsatira za kachilombo kamene kamera ku labu ndi mankhwala amene angakaphe, kenako tchati cha mankhwala mzere ndi mzere. Samu ya Cockcroft-Gault yoyezera mphamvu ya impso, ija yochotsa zaka pa 140 n'kuchulukitsa ndi kulemera n'kugawa ndi creatinine, ndinkaiona ngati ya pamayeso chabe. Pano ndimaichita kakhumi tiyi asanalowe m'mimba. Pa maantibayotiki timafunsa kuti lero ndi tsiku lachingati, kodi angasiye jakisoni n'kuyamba akumwa, kodi meropenem akufunikabe kapena labu yatipatsa mpata wotsikira ku mankhwala ocheperapo mphamvu. Timayang'ananso kuti kuchokera pamene dokotala walemba mpaka pamene diripi yapachikidwa padutsa nthawi yaitali bwanji, chifukwa kwa wodwala sepsis, pamene tizilombo tasokoneza thupi lonse, sipayenera kudutsa ola limodzi. Kuno ndi kumene ndinaonera ndi maso anga kachilombo ka Klebsiella kosamva ngakhale meropenem, mpaka kufunika colistin, mankhwala akale ovulaza impso amene amachita kupempha mwapadera. Ndikakumbukira mmene tinkaperekera ceftriaxone kwathu ngati madzi akumwa, thupi limachita tsemwe.

Zonsezi munthu amaphunzira, ndi nkhani ya kubwereza. Chimene chinandikanika kwa miyezi ndi kutsegula pakamwa.

Raundi ya pachipatala chophunzitsira ndi gulu: konsaltanti (dokotala wamkulu) patsogolo, maregistra (madokotala ophunzira ukatswiri), madokotala a internship, ophunzira, sisitala wa wodi, ndiye iwe kumapeto ndi kabuku kako. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sudula mawu, ndipo ukaona kuti walakwitsa umadikira anthu abalalike n'kumunong'oneza. Tsiku lina m'wodi ya amayi munali mayi amene anayamba mankhwala a TB masiku awiri m'mbuyomo, ali kale pa TLD, ma ARV omwe aja timapereka kwathu. Aliyense wa famasi amadziwa kuti rifampicin wa m'mankhwala a TB amachititsa chiwindi kugaya dolutegravir wa mu TLD mofulumira, ndiye malangizo amati wodwala awonjezere piritsi la 50 mg pakadutsa maola 12, mpaka milungu iwiri atamaliza mankhwala a TB. Pa tchati piritsi lowonjezeralo panalibe. Ndinaliona 7 koloko, ndinalemba m'kabuku, ndinadula mzere kunsi kwake. Raundi itafika pabedilo a Pulofesa analankhula za x-ray, anafunsa ophunzira mafunso, n'kufunsa ngati pali china. Ine mawu anafika pakhosi n'kubwerera. Ndinadziuza kuti si ulemu kuwaonetsa cholakwa pamaso pa ana a sukulu. Raundi itatha ndinamukokera pambali dokotala wa internship m'khonde, iye n'kuvomera kuti alemba. Koma mnyamatayo anali atagwira usiku wonse, anaweruka osalemba, ndipo linali Lachisanu. Lolemba ndinapeza tchati chili chomwecho.

A supavaiza anga sanakalipe. Anandifunsa kuti ulemu umene ndinawapatsa a Pulofesa unalipiridwa ndi ndani. Kenako anandiphunzitsa kayankhulidwe kamene ndikugwiritsabe ntchito: tchula bedi, tchula chimene waona ndi nambala yake, tchula chimene ukupempha, basi ukhale chete. Osayamba ndi kupepesa, osazungulira ngati ukukafunsira mbeta. Ndipo ukanena, ulembe m'fayilo, usaine, uike nthawi, mawa ubwere udzaone ngati zachitika. Lachiwiri ndinayesa pa wodwala wina wa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amenenso anali pa rifampicin ndipo INR wake, nambala yoonetsa ngati warfarin akugwira ntchito, sankakwera. Mawu ankanjenjemera. A Pulofesa anangoti chabwino, n'kuuza registra kuti alembe, gulu n'kusunthira pabedi lina. Palibe anatembenuka kundiyang'ana. Chinthu chimene ndinkachiopa miyezi itatu chinatha m'masekondi 20.

Sindikunena kuti nthawi zonse amavomera. Pali registra wina amene anandiyankha pagulu kuti ntchito yanga ndi kuwerenga mapiritsi. Ndinapita kuchimbudzi n'kukalira, ndinasukusula, n'kubwerera kukalemba m'fayilo zimene ndinanenazo. Nthawi zinanso amakana ndipo iwo ndi amene amakhala olondola, chifukwa akuona zimene iwe sunaone. Pamenepo umafunsa chifukwa chake n'kuphunzirapo. Anthu amene angakupulumutseni kwambiri ndi anamwino. Sisitala amene wakhala m'wodi zaka 20 amadziwa wodwala amene amalavula mapiritsi ndi dokotala amene sayankha foni. Muziwapatsa moni m'chilankhulo chawo, ngakhale Sawubona yekhayo, musanagwire tchati chawo.

Za kafukufuku ndingonena mwachidule: yambani mwezi woyamba. Protocol, ndiye dongosolo la kafukufuku wanu, iyenera kudutsa ku komiti ya ethics, kenako chilolezo cha chigawo ndi cha akuluakulu a chipatala, ndipo simungatole nambala ngakhale imodzi zonsezi zisanatuluke. Sankhani funso laling'ono loti muthe kuliyankha ndi mafayilo amene alipo. Anzanga amene anasankha mitu ikuluikulu akali pomwepo.

Kunja kwa chipatala kuli mayeso ena. Kumpingo kwathu kwa Amalawi, atangomva kuti ndimagwira kuchipatala, ndinasanduka adokotala. Tikaweruka mapemphero anthu amandikokera pambali. "Achemwali, mutipezereko amoxicillin, mwana akutsokomola." "Asisi, kajakisoni kaja ka mphamvu simungatibweretsere?" Ndimakana, ndipo ena anandinena kuti ndine wonyada. Koma piritsi limodzi lotuluka m'thumba mwanga likhoza kundichotsera kulembetsedwa kwanga ndi viza yomwe. Chimene ndimachita ndi kuwauza kiliniki yoti apite, zoti akanene akafika, ndi kuwawerengera zolembedwa pamapaketi amene alandira. Poyamba ndinkaziona ngati chintchito chongonditopetsa Lamulungu. Sindinkadziwa kuti anthu amenewa akundiphunzitsa mmene Mmalawi wa ku Joni amamwera mankhwala, ndiponso zimene amabisa.

Mwezi wanga wachisanu ndi chitatu ndinali m'wodi ya abambo. Pabedi lapakona panagona bambo wa zaka za m'ma 30, wodwala matenda oumitsa khosi aja amabwera ndi kachilombo ka cryptococcus chitetezo cha m'thupi chikatsika kwambiri. Dzina la pafayilo linali la kuno, ndipo m'mbiri yake munalembedwa kuti sanayambepo ma ARV. Ankalandira amphotericin B pa diripi ndi flucytosine wakumwa, mankhwala a sabata yoyamba. Amphotericin ndi mankhwala aukali. Amasungunulidwa mu dextrose, osati m'madzi a mchere, ndipo wodwala amayamba walandira lita imodzi ya saline yokhala ndi potassium kuti impso zitetezeke. Zonsezi zinkachitika bwino, ndinaziona ndekha. Komabe creatinine wake anachoka pa 80 kufika 130 tsiku lachitatu, tsiku lachinayi 190. Amphotericin amakweza creatinine, inde, koma liwiro limeneli linandidabwitsa. Ndinabwereza tchati katatu osapeza china chovulaza impso.

Ndili chiimire pamenepo, madokotala anabwera kudzamuchotsa madzi a pamsana kuti mutu upepuke. Singano italowa bamboyo anabuula kuti, "Mayo ine, ndikufa ine."

Ndinadikira onse achoke. Ndinakoka mpando, n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, mutuwo ukupweteka kwambiri?"

Anatsegula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndinu a kwathu?"

"Eya. Kwathu ndi ku Zomba. Inu?"

"Ku Ntcheu." Anayang'ana kukhomo. "Achemwali, musandiulule."

Ndinawauza kuti ine si wa Home Affairs, oona za mapepala a alendo, ntchito yanga ndi mankhwala, ndipo impso zawo zikuwonongeka pa chifukwa chimene sindikuchiona. Ndinawafunsa, osati kuti mukumwa mankhwala ena, chifukwa funso limenelo Mmalawi amayankha kuti ayi, koma kuti, "Mutu ukakuvutani usiku mumamwa chiyani? Nanga aja a tsiku ndi tsiku muli nawo pompano?" Anakhala chete, kenako analoza kaloka ka pambali pa bedi. M'kati mwa sokosi munali botolo la TLD lolembedwa kwathu, ndi kapepala ka pulasitiki ka bulufeni wa 400 mg, mapiritsi atatsala 6 mwa 30.

Nkhani yake inali yotere. Anayamba ma ARV kumudzi zaka zapitazo, atabwera kuno n'kusiya chifukwa choopa kupita kukiliniki wopanda mapepala. Atayamba kudwaladwala, akazi awo anawatumizira botolo kudzera kwa dalaivala wa basi, ndipo anayambiranso kumwa kutatsala milungu itatu kuti agonekedwe. M'chipatala ankamwa mobisa usiku magetsi akazima, poganiza kuti akanena awalanda kapena awafunsa kumene anawatenga. Bulufeni anabwera ndi mnzawo pa nthawi yoona odwala. Kwathu pakanakhala gadiyani wogona pansi pa bedi woti n'kumufunsa, koma kuno wodwala amakhala yekha. Ndiye impso za munthu mmodzi zinkamenyedwa ndi zinthu zitatu nthawi imodzi: amphotericin, tenofovir wa mu TLD, ndi bulufeni. Ndiponso flucytosine amatuluka kudzera mu impso, choncho zikafooka amaunjikana m'thupi n'kuyamba kupha maselo a magazi. Komanso zoti anali atangoyambiranso ma ARV zinali zofunika kuti madokotala adziwe, chifukwa pa matenda amenewa ma ARV amadikira milungu 4 mpaka 6, kuopa kuti chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi ubongo umatupa.

Ndinawafotokozera kuti zimenezi sindingazisunge, ndiyenera kuuza madokotala, koma ndikanena za mankhwala okha, za mapepala si nkhani ya m'wodi. Anavomera monyinyirika. Ulendo uno sindinadikire khonde kapena raundi ya mawa. Ndinaimbira registra pompo, ndinatchula bedi, manambala atatu a creatinine, zimene ndapeza m'sokosi, n'kupempha kuti bulufeni ndi TLD ziime, mlingo wa flucytosine uwerengedwenso molingana ndi impso, ndipo aganizirenso za amphotericin wa tsikulo. Anabwera pasanathe mphindi 10. Anadumphitsa mlingo umodzi, anawonjezera madzi, ndipo a Pulofesa atabwera anagwirizana nazo. Pa ululu wa mutu anawalembera paracetamol ndi kupitiriza kuchotsa madzi a pamsana, chifukwa mutu wa matendawa umapweteka ndi kuchuluka kwa madziwo, bulufeni sangauthetse.

Madzulo ake a supavaiza anandipatsa pepala la kafukufuku wa AMBITION, wofalitsidwa mu 2022, amene anasonyeza kuti mlingo umodzi wokha wa liposomal amphotericin, 10 mg pa kilogalamu iliyonse, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, umagwira ntchito mofanana ndi diripi ya sabata yathunthu koma suvulaza thupi kwambiri. WHO inatengera njira imeneyi chaka chomwecho. Nditawerenga kumene odwala ake anachokera ndinapeza Blantyre ndi Lilongwe pamndandanda, pamodzi ndi Botswana, Zimbabwe, Uganda ndi South Africa. Ndinaseka ndekha. Ndinawoloka malire atatu kudzawerenga za ntchito imene inachitikira pa Queens, pamene ndinkadutsa tsiku ndi tsiku ndili pasukulu.

Creatinine wa achimwene aja anayamba kutsika tsiku lachisanu ndi chiwiri. Anakhala m'chipatala masiku 19. Tsiku lotuluka ndinakhala nawo pafupifupi ola, zimene pawindo lakwathu lija sizikanatheka. Fluconazole wa 800 mg tsiku lililonse kwa milungu 8, kenako 200 mg kwa chaka kapena kuposerapo mpaka a kukiliniki atanena kuti basi. Ndinawawerengera mapiritsi m'dzanja kuti aone kuti 800 ndi angati. Pakatoni ndinalemba ndi cholembera m'Chichewa, kunsi kwa sitika ya Chingerezi: anayi m'mawa uliwonse, osadumphitsa ngakhale mutu utasiya. Tsiku lokayambiranso ma ARV ndinalizunguliza pakhadi, n'kuwauza kuti akatenge kukiliniki ya kuno, kumene adzayezanso impso asanasankhe mtundu wowayenera, osati kudikira basi.

"Nanga botolo langa lija?" anafunsa.

"Lili ku famasi, achimwene. Musalifunenso."

"Ndi bulufeni yemwe?"

"Makamaka ameneyo."

Anapinda katoniyo bwinobwino n'kuiika m'sokosi momwe muja. Ine ndinatsegula fayilo, ndinalemba zonse zimene takambirana, ndinasaina, n'kuika nthawi: 11:25.